Mbale Yobiriwira ya a Tenente

Alongo anga anatengedwa ndi a tropa, gulu la asilikali, ali pasukulu ku Chifunde, ndevu zisanamere. Poti ankadziwa kulemba ndi kulankhula Chipwitikizi, sanachedwe kukwera. Anayamba usarijento, kenako utenente, ndipo pamene nkhondo inkafika povuta kuno anali kapitau, akuyang'anira asilikali a kumalire ndi Zambia. Ntchito yawo inali kubweza anthu othawa, chifukwa akuluakulu sankafuna kuti midzi isanduke mabwinja.

Ine ndinali mmodzi mwa othawawo. Tinachoka ku Mualadzi wapansi, mwana wanga wamkazi ali kumbuyo, ndipo dzuwa lili paliwombo tinagwa m'manja mwa asilikali awo pafupi ndi dambo. Alongo anga anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Kenako anatembenuka n'kulamula asilikali onse kuti athamangire kuseri kwa phiri, ati kwalira mfuti. Kunalibe mfuti inalira. Tinawoloka tonse, ndi nkhalamba zomwe. Nkhaniyi itafika kwa mabwana awo, anawatsitsa kubwerera pa utenente, ndipo anakhala pomwepo mpaka nkhondo kutha. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndanena dala, kuti wina asandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Nkhondo itatha ife tinabwerera kwathu. Alongo anga atabwerera kumudzi, atsibweni athu sanalole kuti alowe m'nyumba. Wochokera kunkhondo amayamba wasambitsidwa mankhwala kumtsinje, zovala zake n'kutenthedwa, kuti mizimu ya amene anafera m'manja mwake isalowe naye pakhomo. Podikira asing'anga amadyera payekha, choncho ndinawapatulira mbale yachitsulo yobiriwira, yosupuka m'mphepete. Tsiku linafika, anasamba, zovala za usilikali zinapsa, ndipo atsibweni anapisa nawo m'mbale imodzi mudzi wonse ukuona. Kwa aliyense nkhani inathera pomwepo, kupatula ine.

Akazi awo anali atakwatiwa kwina, ndiye ankadya kwanga. Amuna anga ndi ana anga aamuna ankadyera pamodzi monga timachitira, koma alongo anga ndinkawapakulira mu yobiriwira ija. Pakamwa ndinkati ndi ulemu, poti ndi mwini mbumba. Linali bodza. Ndinkaopa manja awo. Ndikawaona akusamba m'manja, mtima unkandifunsa kuti madzi a mumtsinje angachotse zingati. Mbaleyo ndinkaitsuka pomaliza, ndi madzi akeake.

Tsiku lina tikuchokera kopalira chimanga, anaitembenuza mbale ija m'manja n'kumwetulira.

"Mlongo, kodi mankhwala aja anachepa?"

"Iyayi, ndi ulemu chabe," ndinayankha. "Kodi ku tropa mabwana ankadya ndi asilikali wamba?"

"Ena sankadya nawo. Ine ndinkadya nawo."

Ndinaseka chiseko chopanda mutu n'kupita kukatunga madzi, chikhalirecho mtsuko unali wodzaza. M'mawa mwake ndinawapakuliranso momwemo. Sanafunsenso. Ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kukhala chapambali pang'ono kuti ndisavutike kuwauza. Ana anga anakulira momwemo, ena mpaka kukwatira, mbale idakali yomweyo.

Anamwalira chaka chathachi, nthawi yokolola. Kwathu kuno mbale ya malemu imabooledwa n'kuikidwa pamtumbira. Kawirikawiri azimayi amayamba ayang'anizana, poti m'nyumba ya mlimi ndani ali ndi mbale yakeyake? Amangotola iliyonse kuti mwambo utheke. Mkulu wa okumba manda atapempha mbale, ine ndinaweramitsa mutu, kufuna kuti nditole ina iliyonse mwakachetechete. Koma mwana wanga wamkazi, yemwe uja ndinawoloka naye dambo ali kumbuyo, tsopano mayi wa ana akeake, anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka nayo, n'kugwada.

"Nayi ya atsibweni. Sankadyera ina."

Sananene mondinyoza. Anangonena zimene anakula akuziona. Ndinakweza maso kuti ndione amene wadabwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe. Azimayi onse anangoyang'ana pansi, ndipo apo ndinadziwa kuti mudzi wonse unkaona zaka zonsezi. Manyazi anandigwira mpaka kulephera kulira maliro a mlongo wanga.

Anaiboola ndi msomali pomwepo, ine ndikumva. Munthu amene anataya ukapitau kuti ine ndi mwana wanga tiwoloke, kwanga sanapisepo m'mbale imodzi ndi ana anga.