Tsiku Limene Ambuya Anajambulidwa Mtima

Ambuya anandilera kuyambira pamene makolo anga anamwalira. Tinkakhala ku Chinyunyu, n'kumagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Chaka chimene ndinamaliza sukulu ndinaona kuti pochokera kudimba ayamba kuima panjira, dzanja lili pachifuwa. Iwo ankati akuyang'ana mitambo. Ine sindinali wolankhulalankhula, koma maso ndinali nawo, ndipo ndinkadziwa kuti iwo akapita ndatsala ndekha.

Kuchipatala cha mishoni dokotala anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo. Pagalasi panaoneka chinthu chotuwa chikufinyika n'kumasuka. Mtima wa ambuya! Manyazi anandithera, ndinasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasilo. Dokotala anandiloza mbali imodzi imene inkagunda mofooka. Anati makina akewo amaonetsa mmene mtima ukugwirira ntchito, koma mitsempha yodyetsa mtimawo imaoneka bwino ndi makina ena a ku Lusaka. Zithunzi zonse ziwiri zikaikidwa pamodzi, m'pamene adzadziwe ngati pakufunika opaleshoni kapena mankhwala okha.

Titafika ku Lusaka, tinapeza makinawo ali ngati tayala lalikulu loyera, bedi lolowa pakati pake. Bambo wojambula anati asanawabaye mankhwala oonetsa mitsempha, ayambe ayeserera kugwira mpweya, chifukwa chifuwa chikagwedezeka chithunzi chimaonongeka. Anawagoneka, iye n'kulowa m'kachipinda ka kuseri kwa galasi. Anandilola kuima pambali pake.

"Ambuya, kokani mpweya. Gwirani, musapume," anatero pamaikolofoni.

"Inde, atate," anayankha ambuya.

"Musayankhe, ambuya. Mungokhala chete."

"Ndamva, atate. Zikomo kwambiri."

Namwino amene anali nafe m'kachipindamo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Bambo uja anayesanso, ambuya n'kuthokozanso. Wojambula uja anapukusa mutu. Anati zikapitirira chonchi tibwerere kumudzi, tidzabwere mwezi wina, poti panja anthu ali pamzere.

"Munthu wamkulu pantchito yake alankhule nane, ine ndingoti duu ngati chitsa?" anadandaula ambuya ali chigonere. "Amayi anga sanandilere choncho."

Mwezi wina! Mtima wanga unagunda kuposa wawo. Kenako ndinakumbukira kuti kunyumba ndikawauza kanthu, kaya madzi atentha kaya mbuzi zalowa m'khola, sandiyankha. Amangomva basi. Mdzukulu sapatsidwa "inde, atate".

"Ba dokotala, ndiyeseko ine," ndinatero.

Anandiyang'ana, kenako anandisunthira maikolofoni. Mawu anga anadzaza chipinda chonse mpaka ndinadzidzimuka ndekha.

"Ambuya, ndine. Kokani mpweya, mugwire."

Zii. Chifuwa chawo chinakwera n'kuima. Wojambula anandimenya paphewa mosangalala. Namwino anathamanga kukalumikiza mankhwala pamkono, bedi linalowa m'tayala muja, ine n'kubwereza mawu omwewo. Makina analira kanthawi kochepa chabe.

"Pumani tsopano!" ndinafuula.

"Iwe," anatero ambuya akupumira m'mwamba, "mawu onsewa unkawabisa kuti? Wayamba kulamula akulu?"

Masana dokotala wa mtima anaika zithunzi ziwiri zija pamodzi. Chatsopanocho chinaonetsa mitsempha yoyera itayanga ngati mizu ya dzungu. Ndi cholembera analondola umodzi mpaka pamene unaphinjika, ndipo anationetsa kuti ndi womwewo umene umadyetsa mbali yofooka ija.

"Wachepa, koma sunatsekeke," anatero. "Opaleshoni siikufunika pakadali pano. Mankhwala tsiku lililonse, mchere pang'ono, ndipo muzibwera tizikuonani."

Ndinaombera m'manja pamaso pa dokotala, ine yemwe kutchalitchi ndimabisala kumbuyo. Ambuya anafunsa za dimba lawo. Dokotala anati kupalira pang'onopang'ono n'kwabwino, koma kusenza ndowa ayi.

Ambuya ananditsina pamkono.

"Wamva? Ndowa zonse ndi zako."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinatsika masitepe a chipatalacho modumphadumpha, iwo akundikalipira kumbuyo kuti ndiwadikire.