Sabata Imene Tinabisa Njerwa

Mukandifunsa ntchito imene Ljupka amagwira, ndikuuzani chilungamo: mpaka lero sindiimvetsa bwinobwino. Ndine Dobrinka, mkulu wawo wa malemu mayi ake, amanditchula Teta monga ana a kuno amatchulira azimayi aakulu, ndinamusambitsa ali khanda, koma anthu akandifunsa kumsika ndimangoti, "Amaphunzitsa anthu kukhala pampando." Amandiyang'ana ngati ndapenga. Nanga ndinene chiyani? Ine ndakhala pampando zaka makumi atatu ndi chimodzi, kusoka makolala a mashati m'fakitale ya kuno ku Shtip, ndipo palibe anandiphunzitsa.

Mwana ameneyu anali wovuta kuyambira kale. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anatenga sowo n'kudula miyendo ya tebulo la kukhitchini, akuti linali lalitali ndipo mayi ake ankakweza mapewa podula anyezi. Anadula mokhota, msuzi n'kumatayikira mbali imodzi. Anakwapulidwa ndithu, koma tebulolo lilipobe kwathu kuno, ndipo ndikuvomera kuti kudulirapo anyezi n'kosavuta.

Mayi akewo, mng'ono wanga Blaga, ankasoka pamakina oyandikana ndi anga. Atafika zaka makumi anayi ndi zinayi manja ake anasiya kugwira. Kapu inkangogwa yokha. Anakauza akuluakulu, iwo anamusamutsira kositira, ndipo pasanathe miyezi itatu anamuonetsa geti. Kuyambira pamenepo Ljupka, asanapite kusukulu, ankayamba wamanga mabatani a jasi la mayi ake, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Blaga anamwalira patapita zaka zisanu, ndi matenda ena.

Mtsikanayo anakaphunzira ku Skopje, likulu la dziko lathu, za kuwongola ziwalo, kenako anakagwira ntchito ku Slovenia zaka zisanu ndi chimodzi. Tonse tinati basi, wapita ameneyo, monga amapitira ana onse a kuno. Koma anabwerera! Anabwera ndi tepi yoyezera, kamera, ndi chikwangwani cholembedwa mawu akuti ergonomiya, chimene anachikhomera pakhomo la kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya Mitre wophika burek, buledi wathu woikamo nyama mkati.

"Ndiye ukhala ukusisita anthu?" ndinamufunsa.

"Ayi, Teta. Ndikufuna anthu asafike posisitidwa. Ndiziyang'ana mpando, tebulo, makina, n'kuwakonzera munthu kuti asapweteke."

"Ndiye ndiwe kalipentala."

"Ayi."

"Dokotala?"

"Ayinso."

Ndinangoti chabwino, idya chakudya chisanazizire.

Miyezi isanu ndi itatu inatha. Amene anakwera masitepe a kachipindako anali nkhalamba ina imene inabweretsa mpando wothyoka kuti aukhome misomali, ndi Mitre amene ankabwera kudzadandaula za bondo lake kwaulere. Mnzake wina anamupezera ntchito ku Jeremani yosamalira okalamba, ndipo sutikesi inatsika pamwamba pa kabati. Ndikaiona mtima unkandipweteka. Mwana wa Blaga ndi yekhayo amene ndatsala naye.

Kenako mwayi unagogoda. Amalonda a ku Italy amene amagula mashati athu anafuna pepala losonyeza kuti wina wodziwa anayendera mmene timakhalira pamakina. Bwana wathu, a Stojmen, munthu wosakonda zolankhula zambiri, anamuitana Ljupka n'kumuuza kuti, "Ndikukupatsa sabata imodzi. Ukapeza chenicheni chofunika kukonza, ntchito ya m'nyumba zonse zitatu za fakitaleyi ndi yako, ndipo ndiuza anzanga. Ukapanda kupeza, usayine pepalalo uzipita."

Anabwera kwathu akumwetulira, koma anandiuza mosabisa: "Teta, zikakanika apa, Loweruka ndikukwera basi."

Tsopano mverani zimene tinachita ife, azimayi akuluakulu, ena a zidzukulu. Lachisanu, kapitawo wathu Slavjanka anaomba m'manja n'kunena kuti, "Azimayi, Lolemba kukubwera mlendo, ali ndi kamera, ndipo zithunzi zikupita ku Italy. Musandichititse manyazi!"

"Mlendo wake uti? Si kamwana ka Blaga kaja kamamina?" anatero Menka, mnzanga wamfupi wosoka matumba.

"Kamamina komweko kabwera kuchokera kunja. Ndi mlendo basi."

Mlendo ndi mlendo. Akamabwera sumusiyira bulangete long'ambika pampando, umatulutsa makapu aja amene sumwerapo chaka chonse. Tinayang'ana pamalo athu, manyazi n'kutigwira. Pansi pa mapazi a Menka panali njerwa ziwiri zomanga ndi waya. Wina anali ndi mapilo atatu akuda bii. Wina buku lakale la manambala a foni, wina thabwa kumsana, wina siponji yomata ndi tepi m'mphepete mwa tebulo. Zinyalala zokhazokha! Tinasonkhanitsa zonse, n'kuzitsekera m'kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu, tinakolopa mpaka pansi panachita mbee. Tinaona ngati tikumuthandiza mwanayo, kuti zithunzi zake zikaoneke bwino.

Lolemba tinabwera tsitsi litakonzedwa, n'kukhala njo ngati kutchalitchi. Tinamulandira ndi zipatso zophika mu shuga ndi kapu ya madzi ozizira, monga mlendo aliyense. Iye anayamba kuyenda makina ndi makina, tepi m'manja.

"Teta Menka, khosi limakuvutani?"

Menka, amene akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuka thupi lonse ngati kabati, anati, "Khosi langa? Ngati la namwali, mwanawe. Funsa amuna anga."

"Msana?"

"Ndilibe msana ine."

Tinaseka. Azimayi makumi asanu ndi limodzi, yankho limodzi: palibe chowawa. Sitinapangane ayi. Aliyense ankangomukumbukira Blaga, ndi msewu uja wochokera pamakina kupita kositira, kuchokera kositira kupita kugeti.

Anafika pa ine. "Teta, manja ali bwanji?"

"Ali bwino," ndinatero, dzanja lamanja nditalilowetsa pansi pa nsalu. Linali litayamba kuchita dzanzi zaka zinayi zapitazo, ndipo zinali zitanditsalira zaka ziwiri zokha kuti ndilandire penshoni. Anandiyang'ana kanthawi, n'kulemba.

Pofika Lachitatu zinthu zinasokonekera. Miyendo ya Menka inkalendewera ngati ya mwana m'basi, ankachita kutsetsereka kuti aponde makina. Makolala anga ankatuluka opotoka. Wina analira, wina anasoka mkono wa shati kukhosi. Mashati anachepa kwambiri, ndipo a Stojmen anatsika muofesi nkhope ili gwa.

"Iwe, usanabwere anthuwa ankasoka bwinobwino. Wangowayang'ana masiku atatu, ntchito yafa. Ndiye ukatswiri wakewo ndi umenewu?"

Madzulo amenewo anadzadya kwathu. Sanakhudze ngakhale tsabola wokazinga amene amamukonda. Anayala mapepala patebulo lokhota lija, mutu atagwira.

"Teta, kapena ndine wopusa? Tepi yanga ikunena kuti Teta Menka sangafike pachopondera chija, koma asoka pamenepo zaka makumi awiri. Mipando yonse ndi yolakwika, matebulo ndi olakwika, koma palibe amene akumva kuwawa. Ndiye ndilembe chiyani? Kuti azimayi a ku Shtip alibe mafupa?"

Nanenso mutu unandiima. Tinamukonzera zonse, tinakolopa, tinadzikongoletsa, ndiye chalakwika n'chiyani? Za njerwa sizinandibwerere n'komwe m'maganizo, ndikulumbira. Ndinkaziona ngati zamanyazi chabe. Za dzanja ndinkadziwa, koma ndinamubisira. Ndinamuyang'ana akupinda mapepala ake, sutikesi ija ikundiyang'ana m'mutu.

Lachinayi m'mawa tinamuona akukwawa pansi, ndi buluku lake labwino lija.

"Mwana wako wataya ndolo?" anandinong'oneza Menka.

Anali akuyang'ana simenti. Pansi pa makina a Menka panali timalo tiwiri ta ngodya zinayi pamene utoto sunafufutike. Anagwira m'mphepete mwa tebulo lina, zala n'kumata ulimbo wa tepi. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Teta Slavjanka, panali chiyani apa?"

"Palibe."

"Nanga m'kachipinda umo muli chiyani?"

"Makoswe."

"Ndipatseni kiyi ndikawaone."

Abale inu, manyazi ake! Anatulutsa zonse, chimodzichimodzi, n'kuziunjika pakati pa nyumba. Makina onse anazima, kunangoti zii. Anakhala pansi pambali pa muluwo n'kunyamula njerwa zija.

"Mwini wake ndi wamfupi, ndipo chiuno chakumanja chimamupweteka, chifukwa njerwa iyi yadyeka mbali imodzi."

"Wakuuza ndani, mfiti iwe?" anakuwa Menka, kenako anadzigwira pakamwa.

Anatenga thabwa. "Uyu ndi msana wapansi." Anatenga buku la manambala. "Uyu tebulo limamutalikira, mapewa amamuyaka pofika masana." Azimayi anayamba kugundana zigongono, wina kuseka, wina kubisa nkhope. Ljupka anali kuseka ndi kulira pamodzi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala kunja kuphunzira zimenezi. Inu munazipanga kale ndi njerwa, ndiye mwandibisira! Chifukwa chiyani?"

"Unali mlendo," anatero Slavjanka, mawu ali pansi.

Apo n'kuti a Stojmen ataima pakhomo, manja m'thumba. Anayang'ana muluwo n'kuukankha ndi nsapato. "Izi ndi zinyalala. Azimayi amakonda kudzikundikira tinthu, ngakhale kwathu zili choncho. Pamapepala ako alipo wadandaula? Ndionetse munthu mmodzi."

Tonse tinazolika. Ngakhale Menka anayang'ana kudenga.

Ljupka anapisa dzanja pansi pa muluwo kufuna china choti aonetse, ndipo anatulutsa mkono wa juzi yobiriwira, woikamo siponji, wosokedwa mbali zonse ziwiri. Anautembenuza m'manja. Anaidziwa juziyo. Blaga ankaumangirira m'mphepete mwa tebulo kuti azitsamiritsapo dzanja, ndipo tsiku limene anamuchotsa ntchito ine ndinaumasula n'kuusunga. Poyamba ndinkausunga pomukumbukira. Zaka zinayi zomalizazi ndinkausunga chifukwa popanda iwo sindikanatha kusoka.

"Ichi n'cha ndani?" anafunsa, osayang'ana kwa ine.

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinaona kositira, ndinaona geti, ndinaona zaka ziwiri zija zikugwera m'madzi. Koma ndinaonanso basi ya Loweruka. Miyendo inadzuka yokha.

"N'changa."

Ndinapita n'kumutambasulira dzanja pamaso pa bwana. "Tsina," ndinatero. Anatsina chala chachikulu, chotsatira, ndi chapakati. Ndinkaona zikhadabo zake zikulowa m'khungu, koma sindinamve kanthu.

"Kuyambira liti, Teta?"

"Zaka zinayi."

"Ndipo Lolemba munati lili bwino."

"Ndinanama. Lemba."

Kumbuyo kwanga mpando unakhwekhwereza. "Lembanso khosi la namwali lija," anatero Menka. Kenako wina, kenako wina, mpaka tepi ndi cholembera zinasowa poyambira. A Stojmen anatulutsa manja m'thumba. Anayang'ana azimayi makumi asanu ndi limodzi ataimirira, ndipo ndikuganiza anaona kuti geti lake ndi laling'ono. Anangoti, "Bwezerani zinthu zanuzo, mashati akudikira. Iwe, ubwere kuofesi."

Basi ya Loweruka inapita popanda iye. Lero amagwira ntchito m'mafakitale asanu ndi awiri, ndi kubanki ina kumene akuti nakonso anthu sadziwa kukhala pampando. Akafika malo atsopano salengeza tsiku, amangotulukira, ndipo choyamba amapempha kiyi wa kachipinda kotsekedwa. Kufakitale kwathu anatsitsa matebulo, anabweretsa mipando yokwera ndi kutsika. Menka mpando wake anautsitsa mpaka pansi n'kuikaponso pilo, ndipo njerwa imodzi akadali nayo, akuti phazi linaizolowera. Ine anandichita opaleshoni, zala ziwiri zinadzuka, chimodzi chinakana. Penshoni ndinailandira ndili pamakina anga. Ntchito yakeyo ndi ukalipentala kapena udokotala, musandifunse.

Chimene sindiiwala ndi Lachinayi lija poweruka. Kunja kunali mphepo, ndipo ndinaima pageti ndikulimbana ndi jasi langa, monga ndinkachitira tsiku lililonse anzanga akatsogola. Ljupka anatuluka muofesi, mkono wa juzi uja uli m'thumba. Sanandikalipire. Anaika chikwama pansi, anawerama, n'kuyamba kundimanga mabatani, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.