Injini Imene Inakana Kuzima pa Maliro a a Mbewe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene ndakalamba naye. Kulemba ndaphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, imvi zitamera kale. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndinapirira manyazi a pa benchi paja kuti tsiku lina ndidzailembe, popeza pakamwa inakana kutuluka.

Ndinafika ku Joni ndevu zisanamere, boma la kumeneko litangosintha. Ndinkakhala ku Duduza ndi malume anga, a Chikopa, amene anagwirapo ntchito m'migodi, kenaka n'kuyamba kukonza magalimoto kuseri kwa nyumba. Anali ndi galimoto yawo yakale, yobiriwira, yaitali, yotsegula kumbuyo. Amalawi onse a kumeneko ankaidziwa, chifukwa ndiyo inkanyamula akwati, odwala ndi maliro. Ntchito yanga inali kutsuka ndi kupatsira masipanala. Chitupa ndinalibe, ndipo ndinkaopa chilichonse chimene chikanandibwezera kumudzi chimanjamanja.

Pafupi nafe pankakhala a Mbewe, mlonda wa pa fakitale ina ku Springs. Anakwatira mkazi wa komweko, mayi Nomsa, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamng'ono, Mphatso. Mayi Nomsa ankakazinga mandasi a kumeneko n'kumagulitsa pa geti. Ndikadutsa ankandiponyera limodzi, lotentha, n'kunena Chichewa chawo chopindika: "Idya, mfana, waonda ngati waya."

A Mbewe anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Kutumiza thupi kumudzi kunali kosatheka, choncho anagwirizana zoika komweko. M'mawa wa tsiku loika, malume anapita kukathandiza za bokosi, n'kundisiyira mawu: "Galimoto uitsuke, uone madzi ndi oyilo. Zina usagwire."

Ndinafuna kuti iwale ndi mkati momwe. Ndinatsegula boneti n'kumapukuta injini ndi chisanza, ndipo chisanzacho chinakola kawaya kena pambali pa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, kawayako n'kusoloka. Sindinalabadire. Nditaliza galimoto, inalira n'kuzima. Ndinayesanso, koma ndikangochotsa phazi pa moto inkazima. Mdipiti wa maliro umayenda pang'onopang'ono, ndipo galimoto yozimazima ikanatichititsa manyazi pamaso pa anthu onse. Ndinali nditaonapo malume akupotoza kabawuti kena pa kabureta kuti injini ilire mokweza. Ndinatenga mpeni wanga, n'kupotoza ndi nsonga yake mpaka injini inasiya kuzima. Inkalira mwaukali kuposa masiku onse, koma inkalira. Ndinatseka boneti n'kudziyesa wochenjera.

Malume atabwera anamva kaliridweko n'kukweza nsidze, koma nthawi inali itatha. Tinayenda ndi giya yaing'ono dzuwa likuswa mtengo, amayi akuimba kumbuyo, fungo la injini yotentha likulowa m'mphuno. Titafika kumanda malume anapotoza makiyi n'kuwazula.

Injini sinazime. Inayamba kugunda ngati munthu akumenya chitseko, galimoto yonse ikunjenjemera, bokosi kumbuyo likugwedezeka. Nyimbo inaduka pakati. Makiyi anali m'manja mwa malume, aliyense akuwaona.

Kwathu timadziwa kuti bokosi likalemera kapena galimoto ikavuta pa njira ya kumanda, malemu akukana, pali chimene akudandaula. A Filimoni, mng'ono wa malemu, anafuula: "Akukana! Achimwene akukana kulowa! Nenani, achimwene, wakuphani ndani?"

Mayi Nomsa anali atagwira chitseko cha kumbuyo, akulira. A Filimoni anawakankha kuti achoke. Pa nthawi yomweyo malume analowetsa giya, kuponda buleki, n'kusiya kilachi, injini n'kutsamwa n'kukhala chete. Anthu sanaone phazi la malume. Anaona kuti mkazi atachotsa dzanja, galimoto inatonthola.

Ndinaima pomwepo, mpeni uli m'thumba.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, malume anatsegula boneti n'kundiitana. Sanakwiye. Ankalankhula ngati akudzilankhulira okha.

"Makiyi amangodula moto wa mapulagi, mfana. Injini yakale ngati iyi ili ndi mwaye wouma mkati. Ikatentha kwambiri mwayewo umayaka ngati khala la m'mbaula. Ukamaipatsabe petulo ndi mpweya, khalalo limayatsa lokha, makiyi ali m'thumba. Ndiye funso si lakuti yalodzedwa ndi ndani. Funso ndi lakuti petulo akudutsa pati."

Anayamba ndi madzi, anali okwanira. Anamasula pulagi imodzi n'kuiyang'ana kunsonga, inali ya mtundu woyenera. Kenaka anandiuza kuti ndipotoze makiyi pang'ono osaliza, iwo atatchera khutu pa kabureta.

"Wamva chiyani?"

"Palibe, malume."

"Eya. Pamayenera kumveka kuti tcha. Apa pali kachitseko ka magetsi. Makiyi akatsegula kamatsegulira petulo woti injini izilira galimoto itaima, makiyi akatseka kamatseka." Analowetsa dzanja n'kutulutsa kawaya kaja kakulendewera. "Popanda aka injini siyingalire yokha. Ndiye wina anaikakamiza." Chala chawo chinaima pa kabawuti kaja. Pamutu pake panali zokanda zatsopano, zowala. "Anatsegula njira yaikulu ya petulo, imene makiyi satseka. Ndipo ameneyu si makaniki. Makaniki sapotoza ndi mpeni."

Anandiyang'ana. "Wagwirapo ndani apa?"

"Sindikudziwa, malume."

Anapukuta manja. Kenaka anandiuza kuti a Filimoni anena zoti mawa masana atulutsa katundu m'nyumba ndi kutenga Mphatso kupita naye kumudzi, poti mwana wa achimwene awo sangakule m'manja mwa mfiti.

"Tiisiye chonchi," anatero malume, akutseka boneti pang'onopang'ono. "Mawa tiizungulitsa mpaka itenthe, tikaime pa khomo pawo. Aone ndi maso kuti imachita zomwezi popanda maliro. Akafunsa kuti anapotoza ndani, mwini dzanja adzayankha yekha."

Tsiku lotsatira tinapitadi. Malume anazungulira nayo mpaka kumsewu wa ku Nigel ndi kubwerera, n'kuima pa geti la a Mbewe. Anaitana a Filimoni ndi akuluakulu onse a pa siwa kuti abwere pafupi.

"Penyani bwino, a Filimoni. Muno mulibe bokosi, mulibe mayi Nomsa."

Anapotoza makiyi. Injini inazima mwakachetechete ngati mwana wokhuta.

A Filimoni anaseka kuseka kowawa. "Taonatu, a Chikopa. Maliro atsika, galimoto yapeza mtendere. Mukufunanso umboni wina?"

Malume anatsegula boneti, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kufotokoza za mwaye ndi kawaya, anafuna kusololanso kuti awaonetse, koma mkulu wina anawagwira mkono nati, "Aikona, madala, mukasolola nokha ndiye kuti mwapanga nokha." Mayi Nomsa anali atakhala pansi pa khonde, Mphatso atamukumbatira, akubwereza mawu amodzimodzi m'chinenero chawo, akuti sanachite kanthu. Abale awo anali kutali, ndipo aneba anaona kuti ndi nkhani ya eni maliro. Mwanayo a Filimoni anamuchotsa m'manja mwa mayi ake ine ndikuona.

Mayi Nomsa anasamuka mwezi usanathe, sindikudziwa kumene anapita. Za Mphatso ndinangomva kuti anakafika kumudzi. Malume sanandifunsenso, mpaka imfa yawo. Anandiphunzitsa ntchito yonse, ndipo ndadyera kabureta zaka zambiri. Galimoto yokana kuzima ikabwera, ndinkayamba monga iwo: kutentha kwa injini, mapulagi, kaliridwe kake ikaima, kenaka kutchera khutu kuti ndimve tcha. Eni ake ankandiyamikira kuti ndimapeza msanga. Sankadziwa kuti matendawo ndinawaphunzira pa mwana wa munthu.

Chimene ndikumvetsa tsopano ndi ichi. Kusolola kawaya kunali ngozi, kupotoza kabawuti kunali umbuli, ndipo zonsezi akuluakulu akanandikalipira tsiku limodzi n'kuiwala. Mwina akanandibweza kumudzi, mwinanso ayi. Malume anandisiyira mpata woti ndikhale munthu, osandikakamiza, chifukwa ankadziwa kuti mawu awo okha sakanakwanira. Ine ndinayeza mantha anga ndi mwana wa mayi amene ankandidyetsa, ndipo mantha anga ndi amene ndinawaona olemera.

Ndasiyira kumapeto chimene chimandikanika kunena. M'mawa wa tsiku limene tinakaima pa geti la a Mbewe lija, malume ali kosamba, ndinatuluka opanda nsapato kuti asamve mapazi. Ndinakweza boneti ndi manja awiri kuti isalire. Ndinabwezera kawaya m'malo mwake, n'kupotoza makiyi pang'ono, ndipo ndinamva kuti tcha. Kenaka ndinatulutsa mpeni, n'kubweza kabawuti kaja mmene kanalili, ndipo zokanda zowala zija ndinazipaka girizi wakuda ndi chala changa.