Buku la Atate Linakulunga Vitumbuwa

Fomu ya ku yunivesite inafuna kuti ndilembe chimangirizo cha tsamba limodzi ndi theka, m'Chingerezi, chofotokoza chimene chinandikokera ku ntchito yosunga mabuku. Ndinali nditagwira kale zaka zingapo mu laibulale ya sukulu ina ya sekondale, kudinda masiku ndi kumata zikuto zong'ambika, ndipo ndinkafuna digiri yachiwiri. Ndiye ndinakhala pakhonde kwathu ku Chawama, laputopu pamiyendo, n'kuyamba kunama. Ati ine ndinakonda mabuku ndili wakhanda, ati kwathu tinkawalemekeza. Bodza lamkunkhuniza! Kwathu mabuku tinkakulungira vitumbuwa.

Amayi ankagulitsa vitumbuwa pamsika, ndipo ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kung'amba mapepala okulungira. Nyuzipepala zakale, makope a ana a ba neba, chilichonse. Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi, mapepala anatha makasitomala ali pamzere. Amayi anati, "Thamanga iwe, kaleteko mapepa ku nyumba!" Ndinathamanga kukafuna mapepala. M'sutikesi ya atate ndinapeza buku lachikuto chakuda, masamba atafiira ndi kukalamba, lodzaza ndi zolemba pamanja. Ndinati lakale ili, linatha ntchito. Pofika madzulo linali litatsala chikuto chokha.

Atate anali kalipentala, ankapala matabwa ku Kalingalinga. Bukulo analilemba ali mnyamata ku Katete, atakhala pansi masiku ambiri ndi atsibweni awo: mayina a mbumba yathu yonse, uyu anabala ndani, anakwatiwa kuti, anagona manda ati. Atsibweniwo anali atamwalira kale, ndipo buku lina kunalibe. Atate atapeza chikutocho sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Wachita zimenezi ndani?" Amayi anandiyang'ana kamodzi, n'kunena, "Ni ine. Sindinadziwe." Ine ndinali pomwepo, manja akunona mafuta, ndipo ndinangoti pakamwa tseke.

Atate sanawakhululukire amayi. Sankamenya munthu, koma lilime lawo linkabaya. Uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kumudzi, ife n'kufunsa kuti womwalirayo ndi ndani wathu, ankati, "Funsani amanu, anagulitsa makolo anga pamodzi ndi vitumbuwa." Amayi ankangoseka kaseko kouma n'kupitiriza kukanda fulawa. Anamwalira ndili ku koleji, mlandu wanga atausenza. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo ndimadzida nazo.

Ndinafufuta bodza lija n'kulemba zimenezi. Zinangotuluka zokha masana amodzi. Koma nditawerenganso manyazi anandigwira. Zoona ndikaulule kwa maprofesa osandidziwa, m'chinenero cha eni, atate ali kuseri kwa khoma akukhulupirirabe kuti wowalakwira ndi mkazi wawo? Atatewo anali atadwala sitiroko chaka chapitacho. Mbali ya kumanja inali itafa, ndipo mutu unkati wabwera, wapita. Masiku ena ankandiitana dzina la mlongo wawo.

Ndinadikira m'mawa umene anadzuka mutu uli bwino. Ndinawatulutsa padzuwa, n'kuwamasulira chimangirizo chonse m'Chichewa, mzere ndi mzere, makondakitala a minibasi akukuwa kumsewu kuti "Tauni! Tauni!" Nditafika pa za sutikesi ndinasiya kuwerenga.

"Atate, buku lija ndinang'amba ndine. Amayi anangondibisa."

Anayang'ana dzanja lawo lakufalo.

"Mayo ine," anatero. "Ndiye mayi uja ndinamuzunza chabe?"

Ndinkadikira kuti andikalipire, ndinkafuna ndithu andikalipire. Iwo anapukuta misozi ndi kolala ya malaya, n'kuti, "Bweretsa pepala, mwanawe. Tilembenso. Onse aja ndikuwakumbukira."

Ndinathamanga ngati tsiku lija. Ndinalemba nambala wani, iwo n'kutchula dzina la atsibweni awo. Thu, la amayi awo. Fili, la agogo awo aakazi. Ndinalemba folo, cholembera chili m'mwamba. Milomo yawo inkayenda, mawu osatuluka. Anayesa kangapo, akumenya bondo ndi dzanja lamoyolo, mpaka thukuta.

"Tipitiriza mawa," anatero. "Dzuwa landitopetsa."

Mawa lake sanandizindikire. Chimangirizo ndinachitumiza sabata yomweyo, ndipo malo anandipatsa, koma kalata yake inafika titaika kale maliro a atate. Pano akundiphunzitsa kasungidwe ka mapepala akale, kuti asaonongeke ndi chinyezi, chiswe, kapena manja a mafuta. Anzanga m'kalasi amalemba zimenezi mosatekeseka, ine mtima umachita kuti myuu.

Chikuto chakuda chija ndinachipeza pansi pa sutikesi pogawa zovala zawo. Zaka zonsezo anachisunga, chopanda kanthu. Ndinaikamo pepala lija. Lili ndi mayina atatu, ndi nambala folo imene ndinalemba ndikudikira.