Mwamuna Wobwereka

Kalelo kukiliniki kwathu ku Katete sankapereka mapiritsi olera mwamuna wako asanavomere pamaso pawo. Wanga anakanitsitsa, chonsecho ndinali ndi ana asanu obadwa mondondozana. Ndiye ndinabwereka mlongo wanga Yelesani, n'kukanama kuti ndi bambo akunyumba.

Anesi anatiyang'anitsitsa. "Koma mukufanana bwanji!"

"N'kukhalitsana, amayi," ndinatero, osaphethira.

Kenaka anayamba kutilangiza zakuchipinda, osabisa kanthu. Nkhani zoti munthu sangamvere pamodzi ndi mlongo wake! Yelesani anangoti maso kudenga, thukuta kamukamu, akuvomera kuti "inde, inde."

Tinabwerera kumudzi ku Mkaika panjinga yake. Mpaka lero ndikakumbukira ndimagwira pakamwa. Koma mapiritsiwo ndinabwera nawo, ndipo mwana wanga wachisanu anayamwa mpaka kutopa nalo yekha bere, popanda womulanda.