Loko Wofiira wa a Yesakaye

Zoti a Yesakaye anali ataledzera tsiku lija magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Munthu woti ngakhale tiyi wa pamaliro amayamba wamununkhiza, mowa angauyambe bwanji? Zina mwamva zija, zoti anathimitsa dala tauni yonse kuti akacheze momasuka kwa mayi wa saluni, nazonso n'zopanda mutu. Kunali masana. Munthu angabisale mumdima uti dzuwa lili paliwombo? Koma anthu akanyamula nkhani safunsa kuti inali nthawi yanji.

Dzinali si la pachiphaso. Analitola ku depoti ya kampani ya magetsi, komwe agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anayamba ndi kukumba maenje a mapolo, kenako kukwera, mpaka kukhala kapitawo wa gulu la anthu asanu lomwe limathamangira kukagwa ngozi. Chaka chawo chachitatu anaona mnzawo akupsa manja ali pamwamba pa pholo, chifukwa wina kuswichi anaganiza kuti ntchito yatha n'kuyatsa. Chiyambire tsiku limenelo sakhulupirira kanthu. Ukawauza kuti waya alibe moto, yankho ndi limodzi: "Yesa kaye." Ukawapatsa mpando, amaugwedeza asanakhalepo. Mapasa awo atabadwa, akuti anafunsa namwino ngati wasuzumira bwinobwino kuti simunatsale wachitatu.

Kukatsala mwezi kuti mvula iyambe, kudepoti kumakhala kalikiliki. Amasadza nthambi zoyandikira mawaya, amaona ngati mapolo ndi mathiransifoma osungira alipo okwanira, amayesa kuliza jenereta kuti adziwe ngati ikadali ndi moyo. Pakhoma la ofesi pali pepala la oyamba kuyatsiridwa zinthu zikavuta: chipatala, mapampu a madzi, kenako enafe. Masiku ena bwana amangoimba foni n'kunama kuti pholo lagwa kumlatho, iye wotchi ili m'manja, kufuna kuona kuti galimoto ituluka pakatha mphindi zingati. Anzawo ankang'ung'udza, koma a Yesakaye masewera amenewa ankawakonda. Kunyumba kwawo, kuseri kwa chitseko, kunkakhala chikwama chokonzeratu: zovala za masiku atatu, sopo, thaulo ndi tochi.

Ndiye pali nkhani ya loko. Apa mvetsani bwino, chifukwa onama aja apa mpomwe sadziwa. Gulu lisanakwere pholo limayamba lapita kubokosi la swichi n'kuthimitsa, kenako kapitawo amakolekapo loko wake, kungomukanikiza n'kutseka. Loko ameneyu ali ndi kiyi mmodzi yekha, ngakhale kuofesi kulibe mnzake. Loko akakhala pamenepo palibe angayatse, kaya akhale bwana wamkulu. Amachotsa ndi mwini wake, atawerenga anthu ake n'kuona kuti onse ali pansi. Makapitawo ena kiyiyo amangomuponya m'thumba la ovolosi. A Yesakaye thumba sankalikhulupirira. Ankamumanga pachingwe n'kuvala m'khosi, kuvula pokhapokha posamba, pomwe ankamukoleka pamsomali wa kubafa.

Akazi awo, make mapasa, anakhala ndi chingwe cham'khosicho zaka zambiri osadandaula. Chinasokoneza zinthu n'chakuti chaka chino kampani inagawa maloko atsopano, ofiira, ndipo mwezi womwewo a Yesakaye anaoneka katatu pa saluni ya pakona. Kuseri kwa saluniyo kuli mtengo wa mapeyala womwe nthambi zake zinkakhudza mawaya, ndipo mwini saluni ankakana kuti ausadze mapeyala asanakhwime. Nkhani yonse inali imeneyo. Koma make mapasa ali ndi mkulu wawo amene mwamuna anamuthawa kalekale, ndipo kuchokera apo mwamuna aliyense amamuona ngati walongedza kale katundu.

"Iwe, mtengo umodzi kuupitira katatu, ndi nkhalango?" anatero mkuluyo. "Kachipinda ka kuseri kwa saluni kaja wakaona? Pali loko watsopano. Kiyi watsopano m'khosi, loko watsopano pachitseko, chikwama cha sopo ndi thaulo chili chire. Ukudikira akulembere kalata?"

Lolemba lina, a Yesakaye akudya, funso linabwera.

"Bambo a mapasa, kiyi wonyezimirayu ndi wa chitseko chiti?"

"Si wa chitseko. Ndi wa swichi."

"Swichi yake imaluka tsitsi?"

"Mukuti chiyani kodi?"

"Palibe. Idyani, chizizira."

Anakayikira ndithu kuti pali kanthu, koma anaganiza kuti mayiyo akufuna kukaluka tsitsi ndipo akuzungulira. Munthu wodziwa kununkhiza waya wopsa ali patali, za m'nyumba mwake ankamva mochedwa.

Lachiwiri kunacha bwinobwino, kopanda ndi kamtambo komwe. Anasamba, kuvala chingwe chawo, kupita kuntchito. Cha m'ma eyiti kunada kumadzulo, ndipo chimphepo chinabwera ndi mvula yake. Malata anauluka, bulugamu wamkulu wa kumlatho anagwera mawaya n'kuthyola mapolo awiri. Ulendo uno foni ya bwana sinali yonama. Galimoto inatuluka m'mphindi zinayi, zomwe a Yesakaye amazitchulabe mpaka lero ngati pali wowafunsa.

Anafika pabokosi la swichi, kuthimitsa, kukoleka loko wofiira uja, kumukoka kawiri kuti aone ngati wagwira. Anagwira pachifuwa, kiyi anali pomwepo pansi pa malaya. Anayesa mawaya ndi ndodo yoyesera, kuyesanso, kenako n'kuuza anthu kuti akwere. Anadula bulugamu, kuimika mapolo atsopano, kukoka mawaya. Pofika thu koloko ntchito inali itatha. Anawerenga anthu awo, onse anali pansi, n'kubwerera kuswichi.

Kumeneko kunali kutasonkhana anthu: wachigayo, wowotcherera zitsulo, ometa awiri, mayi wogulitsa zoziziritsa m'firiji. A Yesakaye anatulutsa chingwe mwaulemu wonse, ngati akufuna kudula riboni. Kiyi anakana kulowa. Anamutembenuza, anakana. Anamupukuta pa ovolosi, kumuuzira, anakanabe. Atamuyang'anitsitsa anaona kuti ndi wonyezimira ndithu, koma mano ake si omwe aja.

Maso awo anayenda pa anthu awo mmodzimmodzi n'kukaima pa Chimimba, mnzawo wa zaka zambiri, amene ankakonda kuseka kuti ukapitawo udzamukhala bwino kuposa mwini wake.

"Chimimba, kiyi wanga."

"Kiyi wanu watani, akapitawo?"

"M'mawa povala maovolosi unali pambali panga."

"Ndiye ndinakuvulani m'khosi inu muli maso? Ndakhala mfiti liti ine?"

"Mpandowu waufuna kalekale."

"Kuufuna ndimaufuna, sindibisa. Koma ndiseweretse loko ine? Amene amakwera pamwamba ndi ndani, si ine ndemwe?"

Dalaivala analowerera. "Akuluakulu, chodulira chili m'galimoto. Tingodula, anthu ayatsiridwe, zinazo tikakambirana."

"Loko sadula ngati chingwe cha mbuzi," anatero a Yesakaye.

Apo ananena zoona. Kiyi akasowa, lamulo limati abwere bwana mwini wake, aone nkhope ya munthu aliyense wa gululo, ayendere mapolo onse omwe agwirapo ntchito, asayine, ndiye loko adulidwe. Tsiku limenelo bwana anali kutsidya kwa mtsinje komwe thiransifoma inapsa, ndipo msewu unali matope okhaokha. Anthu anadikira. Akuchipatala anaimba kawiri kuti mafuta a jenereta akutha. M'mipopi madzi analeka. Wachigayo anayamba kufunsa mokweza ngati akapitawo anagona kwawo dzulo, ometa aja n'kumaseka. A Yesakaye anangoima kutsogolo kwa bokosilo manja kumbuyo, kutchinga loko wawo kuti wina asamukhudze.

Bwana anafika cha m'ma faifi, matope mpaka m'mawondo. Anawerenga anthu, kuyendera mapolo, kusayina, kudula. Magetsi atayaka, atamva za mkangano uja, anaitanira pambali a Yesakaye ndi Chimimba.

"Tikumana Lachisanu. Ngati kiyi anachita kubedwa, wakubayo ntchito yatha tsiku lomwelo. Ngati mwamusokoneza nokha, a Yesakaye, ukapitawo muutula."

Anafika kunyumba kusanade. Make mapasa anali akusita malaya omwe anasita kale dzulo lake, osadzutsa mutu. A Yesakaye analowa kubafa kuti achotse matope, ndipo pamsomali paja panali kiyi, wopanda chingwe, mano ake omwe aja. Kenako anavula wam'khosi uja n'kumuzindikira: anali wa sutikesi ya kusukulu ya mmodzi wa mapasa.

Anatuluka atagwira makiyi awiri, wina dzanja ili, wina dzanja ilo.

"Make mapasa, uyu wachokera kuti?"

"Ndimafuna ndibweze musanadziwe. Kunacha bwinobwino, za mphepo ndikanazidziwa bwanji?"

"Munapita naye kuti?"

Simbi inayenda kawiri pa kolala.

"Kusaluni. Magetsi atathima mwini wake anatseka n'kuchoka, ndiye ndinazungulira kuseri."

"Analowa?"

"Sanalowe."

"Munayesa kangati?"

"Katatu. Kachitatuko mwini wake anandipeza. Anatsekula yekha kuti ndione. Muli matumba a makala ndi mawigi."

"Makala."

"Ndi mawigi. Nanga inu, mtengo umodzi kuupitira katatu?"

A Yesakaye anafuna kukalipa, koma anakumbukira mawu awo omwe. Zaka zonsezi akulalikira zoyesa kaye, munthu yekhayo amene anamvera mpaka kumapeto anali akazi awo. Iwo eni, m'mawa uja, anakoka loko kawiri, kuyesa mawaya kawiri, koma kiyi sanamuyese. Anangomugwira kunja kwa malaya n'kukhulupirira.

"Malayawo apsa," anatero, n'kukasamba.

Lachitatu ndi Lachinayi anayenda ngati munthu wameza mwala. Chimimba sankawapatsa moni, ankadyera kuseri kwa galimoto, ndipo ali ndi ana anayi apasukulu. Kumuyeretsa kunali kosavuta, kungonena zoona basi, mwinanso bwana akanawamvera chisoni n'kuwasiyira mpando. Koma kampaniyi ili ndi chizolowezi chake. Ngozi iliyonse imalembedwa, ndipo Lolemba m'mawa lipotilo limawerengedwa mokweza m'madepoti onse kuti ena atengerepo phunziro. A Yesakaye analiwerengapo iwo eni kambirimbiri. Ankamva kale mawu ake: mkazi wa kapitawo anatenga kiyi wa swichi n'kukayesa pachitseko cha saluni. Madalaivala akanalifikitsa kumsika lisanakwane ola. Make mapasa amaimba kwaya, amakhala benchi yakutsogolo, ndipo mapasa aja ndi atsikana oti anthu ayamba kale kuwafunsira.

Lachisanu analowa mu ofesi ya bwana, kugwedeza mpando, kukhala. Chimimba anali pakona, chipewa pamaondo. A Yesakaye anaika makiyi awiri patebulo.

"Bwana, kiyi sanabedwe. Ndinasokoneza ndekha kunyumba. Awiriwa amafanana, ndipo sindinayese."

Bwana anavula magalasi. "Inuyo simunayese?"

"Sindinayese."

"Chingwe chimene mumagona nacho, kiyi wina analowamo bwanji?"

"Chinaduka. Pomanganso ndinatola wina."

Bwana anayang'ana chingwecho, chomwe chinalibe mfundo yatsopano, n'kuwayang'ananso iwo. Nayenso ndi wokwatira. Anavalanso magalasi n'kulemba zomwe wauzidwa.

"Chimimba, ndinakunamizira pagulu. Pepa."

"Mwandidyetsa kuseri kwa galimoto masiku awiri, akulu."

"Mimbayo sinaphwe."

"Yaphwa mkati."

Lero kapitawo ndi Chimimba, ndipo mwamuona nokha, naye wayamba kuvala chingwe m'khosi. A Yesakaye anawaika kusitolo ya depoti. Ntchito yawo ndi kuuzira magolovesi a labala kuti aone ngati alibe kabowo, kugwedeza makwerero, kukoka malamba okwerera, ndi kukana kupereka chilichonse chomwe sanachiyese. Galimoto ikamatuluka amaima pakhomo la sitoloyo n'kuyang'ana wotchi, ngakhale palibe wawatuma. Chikwama chija chikadali kuseri kwa chitseko, ndipo amene amachapa thaulo lake mwezi ndi mwezi ndi make mapasa, osauzidwa.

Mayi wa saluni sanathe kusunga zonse. Anauza kasitomala mmodzi kuti akazi a akapitawo anabwera kuseri kwake tsiku la mphepo. Kasitomalayo pofika kumsika, amene anabwera kuseriko anali akapitawo eni ake. Wachigayo anawonjezerapo mowa. Mkulu wa make mapasa, amene akudziwa bwino chomwe chinachitika, akafunsidwa amangoti amuna onse ndi amodzi.

A Yesakaye sanaledzere ndipo sanalowepo m'chipinda cha munthu, anangotula ukapitawo kuti dzina la akazi awo lisawerengedwe Lolemba m'mawa.