Alamu anga anafunsidwa kamodzi kokha

Lamlungu lapitali ndinachita mantha m'galimoto yoima. Mtima sunabwerere m'malo mpaka lero.

Tinkachokera kutchalitchi ku Tottenham, kuno kudziko la Angelezi, ine, mng'ono wanga Esinati ndi amuna ake, a Zulu a ku Chipata, omwe amayendetsa ambulansi. Iwowo ndiwo anali pachiwongolero. Titaima pa maloboti, mayi wina anadutsa akukankha kangolo ka mwana. Maloboti anatilola kupita, koma sitinasunthe. Basi ya kumbuyo kwathu inayamba kuliza hutala. Nditasuzumira kutsogolo ndinaona alamu ali thukuta kamukamu, maso ali pomwe panadutsa mayi uja.

"Bambo a Tamara, tiyeni," anatero Esinati.

"Mendo yakana. Nipaseni two minutes chabe."

Mphindi ziwirizo sizinakwane. Anasinthana malo, Esinati nʼkutifikitsa kunyumba.

Kukhitchini ndi kumene Esinati anandiululira. Miyezi iwiri yapitayo alamu anaitanidwa ku ngozi ya pamsewu, ndipo khanda linamwalira lili m'manja mwawo. Chiyambire tsiku limenelo tulo sakulipeza, chakudya amangotola, ndipo mwana wawo akalira amatuluka panja. Ndinawapeza pabalaza nʼkuwafunsa ngati kuntchito sanawapatse thandizo lililonse.

"Ba manager bananifunsa, ati mufuna kuonana na counsellor? Ninati no, I'm fine, zikomo."

"Nanga munakaniranji, alamu?"

"Nenze kuganiza bazanifunsa futi."

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma misozi ndiyo inabwera. Inu awerengi, simukudziona pamenepa? Ife tinaleredwa kuti chinthu ukapatsidwa uyambe wakana. Mlendo wa njala yake amati "ndadya kale", podziwa kuti mwini nyumba amukakamiza kachiwiri ndi kachitatu, mpaka asambe m'manja. Kuvomera msanga nʼkusowa khalidwe. Koma Mngelezi akakufunsa kamodzi, wamaliza. Ukati ayi, amachonga pafomu kuti wakana, nʼkupita kukamwa tiyi wake ndi mtima woyera.

Sindikuwanena abwanawo. Anafunsa mwaulemu, anayankhidwa mwaulemu. Koma munthu amene wangotula mtembo wa khanda ndi wofunsidwa pakhonde kuti asankhe yekha? Akanakhala kuti wathyoka mkono pantchito, bwenzi atamufunsa ngati akufuna kuonana ndi dokotala? Bwenzi atangomunyamula.

Ine si loya. Chomwe ndikudziwa nʼchakuti olemba ntchito kuno ali ndi udindo wosamala umoyo wa antchito awo, ndipo ambiri ali ndi nambala yoti wovutika maganizo aimbe. Ndimamvanso kuti m'madera ena kunjaku muli malamulo okakamiza olemba ntchito kulipirira uphungu apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi akaona zoopsa. Lamulo lotero ndikulifuna, koma likhale ndi mano. Lisangoti thandizo lilipo kwa wolifuna. Linene kuti wogwira ntchito akakumana ndi imfa yotere, tsiku lokaonana ndi mlangizi liikidwe popanda iye kupempha, pa nthawi ya ntchito, bwana alipire, ndipo pakapita milungu afunsidwenso. Wokana akakanire pamaso pa mlangiziyo, osati pamaso pa munthu amene amalemba mashifiti.

Pajatu ulemu si wokha umene umatitseka pakamwa. Alamu akuopa kuti akabwerera nʼkunena kuti ananama, adzawaona ngati munthu wosadalirika nʼkuwachotsa pagalimoto. Akuopanso ife. Kutchalitchi tikangomva kuti wina akuonana ndi mlangizi, pofika Lachiwiri nkhani imakhala itafika ku Lusaka kuti mutu wasokonekera. Timamupempherera mokweza, kenako timamunong'ona. Pemphero ndimalikhulupirira, koma sindinaonepo tikuletsa wodwala shuga kupita kuchipatala poti tamupempherera.

Ndipo musaganize kuti ndi a Zulu okha. Tili ndi ana athu a yunifomu ku Lewisham, ku Wembley, konsekonse. Timawanyadira paukwati, timawajambula zithunzi. Ndani wa ife anawafunsapo zomwe anaona sabata imeneyo, nʼkudikira yankho lenileni?

Ndikulemba izi ndili ndi mantha, ndipo sindibisa. Ndikuopa tsiku lomwe miyendo ija idzakane ambulansi ili pa liwiro, kumbuyo kuli wodwala. Ndikuopanso chete wawo, chifukwa amuna ofatsa ngati iwowa sachenjeza.

Lolemba Esinati anandiimbira. Nambala ya abwana aja ali nayo. Akaimba mwamseri, amuna ake adzati wawavula pagulu, ndipo mwina banja ligwedezeka. Akapanda kuimba, Lachitatu alamu avala yunifomu nʼkukatenga makiyi.

"Achemwali, ndipange bwanji?"

Ndinamuuza kuti asaimbe mwamseri. Awauze maso ndi maso kuti aimba limodzi, ndipo ine ndikhala pomwepo. Titawauza, alamu anakana. Tinawauzanso, anakananso. Kachitatu anangoyang'ana pansi nʼkunena kuti aganizira.

Lachitatu lafika, ndipo apita kuntchito asanaimbe. Dziko limene limatuma munthu kukanyamula ana athu pamsewu lasiyira mkazi wake ndi mlamu wake ntchito yomukakamiza kuti athandizidwe. Nanga amene alibe womukakamiza, akuyendetsa ambulansi iti lero?